Za Chinua Achebe, Mlembi ndi Mkonzi wa Mabuku

Anthu ambiri amene aphunzira kuwerenga atakula kale amafika pa tsiku lina pamene mtima uwauza kuti nawonso alembe. Adziwa mbiri ya mudzi wawo, akumbukira za njala ndi za maulendo a ku Joni ndi ku Halale, ndipo aona kuti zimenezi zili kutha pamodzi ndi nkhalamba. Koma pogwira cholembera apeza kuti kudziwa nkhani ndi kwina, kuiyala m'buku ndi kwinanso. Munthu wotere angapindule poyang'ana ntchito ya mlembi wina wa ku Nigeria, dzina lake Chinua Achebe, amene analemba mabuku ake a nkhani zopeka zazitali, nakhalanso mkonzi wa mabuku a anzake kwa zaka 10.

Achebe anabadwa m'chaka cha 1930 ku Ogidi, pakati pa anthu a mtundu wa Igbo. Atate wake anali mphunzitsi wa mpingo. Iye anaphunzira pa koleji ya ku Ibadan kuyambira 1948 kufikira 1953, ndipo kumeneko anawerenga buku la Joyce Cary lotchedwa Mister Johnson, lonena za kalaliki wina wa ku Nigeria. Azungu ambiri analitama bukulo, koma Achebe sanathe kumzindikira kalalikiyo kuti ndi munthu wa kwawo. Anangoona chidole chovina pa chingwe cha mlendo. Chimenechi chinamuwawa mtima, ndipo chinali chimodzi cha zinthu zimene zinamlimbikitsa kulemba za anthu a kwawo monga iye mwini anawadziwira.

M'chaka cha 1954 analowa ntchito pa nyumba ya wailesi ku Lagos. Buku lake loyamba analilemba ndi dzanja, pa nthawi yake yopuma, malipiro ake akuchokera ku wailesiko. Ichi nchoyenera kuchidziwa munthu amene aganiza zosiya khasu kapena ntchito ya malipiro kuti akhale mlembi. Buku loyamba silidyetsa banja msanga.

Poyamba anafuna kulemba buku limodzi lalikulu lonena za mibadwo itatu: agogo, mwana ndi mdzukulu. M'chaka cha 1956 anatumizidwa ku London kukaphunzira za wailesi ku BBC, natenga mapepala ake. Kumeneko anawaonetsa kwa Gilbert Phelps, amene anali kuphunzitsa pa sukuluyo, nayenso mlembi wa mabuku. Phelps anakondwera nawo, nafuna kuwapereka kwa osindikiza nthawi yomweyo. Achebe anakana, nati ntchitoyo inali isanapse. Atabwerera kwawo anachotsa zigawo ziwiri, nasiya nkhani ya agogo aja okha, a Okonkwo, ndipo anaikonzanso, kuonjeza apa ndi kuchepetsa apo.

Pamenepa ndipo mlembi watsopano amagwa kawirikawiri. Tsamba lililonse analikhetsera thukuta, ndipo kulichotsa kumuwawa. Koma mlimi amene achita chisoni kupatulira chimanga chake adzakolola tizitsononkho tating'ono. Buku lija la mibadwo itatu likadangokhudza munthu aliyense pamwambapamwamba, ndipo wowerenga sakadamdziwa bwino ngakhale mmodzi. Komanso zochotsedwazo sizinatayike iyayi. Nkhani ya mdzukulu, Obi Okonkwo, inatuluka payokha m'chaka cha 1960 m'buku lotchedwa No Longer at Ease.

Atamaliza kukonza anachita chinthu chimene chikadapha ntchito yonse. M'chaka cha 1957 anatumiza mapepala ake pa positi ku kampani ina ya ku London kuti akawatayipe, pamodzi ndi ndalama zolipira. Analibe kope lina. Miyezi inapita, kalata osabwera. Mwamwayi mkulu wake wa pa ntchito, mayi Angela Beattie, anali kupita ku London kutchuthi. Mayiyo anafika pa kampani ija, napeza mapepalawo ali gone pakona, palibe anawagwira. Anawadzudzula eni ake kolimba, ndipo posakhalitsa zotayipazo zinafika ku Lagos. Achebe mwini anati pambuyo pake kuti mapepalawo akadatayika, mwina akadaleka kulemba. Masiku ano anthu alemba pa kompyuta ndi pa foni, koma nazonso zimabedwa ndi kuonongeka. Wolemba m'kope la sukulu akopere m'kope lina asanapereke loyambalo kwa munthu aliyense.

Osindikiza angapo analikana bukulo, poganiza kuti nkhani ya mlembi wa ku Africa singagulidwe. A kampani ya Heinemann nawonso anakayika, kufikira Donald MacRae, mlangizi wawo amene anali atangobwera kumene kuchokera ku maiko a kumadzulo kwa Africa, analiwerenga nalivomereza m'kalata ya mawu owerengeka. Linatuluka pa 17 Juni 1958, makope 2,000 okha, ndi dzina lakuti Things Fall Apart, ndiko kunena kuti zinthu zili kupasuka. Tsopano lamasuliridwa m'zinenero zoposa 50.

Nanga m'bukumo muli chiyani chimene chalichititsa kukhalitsa chotero?

Nkhani yake ndi ya munthu mmodzi ndi mantha ake. Okonkwo wa ku Umuofia anatchuka ali ndi zaka 18 pogwetsa katswiri wa masewera olimbana. Anali ndi nkhokwe za zilazi, akazi atatu ndi maina a ulemu. Koma atate wake, Unoka, anali munthu wa chitoliro ndi ngongole, amene anafa wopanda kanthu, ndipo Okonkwo anaopa moyo wake wonse kuti anthu angamuyese wofooka ngati atate wake. Achebe anagwira chingwe chimenechi osachitaya. Okonkwo akamenya mkazi wake pa sabata la mtendere, akanyoza mwana wake Nwoye, akakana malangizo a akulu, wowerenga aona kuti gwero lake ndi limodzimodzi. Mlembi amene sadziwa chimene mwini nkhani wake amaopa kapena kulakalaka adzalemba mndandanda wa zochitika, monga achitira kalaliki wa bwalo la milandu.

Malo amene luso lake lioneka koposa ndi pa imfa ya Ikemefuna. Mnyamatayu anaperekedwa ndi mudzi wa Mbaino monga dipo, kuti pasakhale nkhondo, nakhala m'nyumba ya Okonkwo zaka zitatu, kufikira anayamba kumutcha atate. Kenaka mzimu wa kuphanga unalamula kuti aphedwe. Nkhalamba ina, Ezeudu, inadza kudzamchenjeza Okonkwo kuti asaikepo dzanja lake. Koma iye anapita nawo. Pa ulendowo Achebe amlowetsa wowerenga m'mutu mwa mnyamatayo, amene anauzidwa kuti ali kubwerera kwawo. Wasenza mtsuko wa uchema, ali kuganiza za amake ndi za mlongo wake wamng'ono, ndi kudzifunsa ngati amake ali moyo. Munthu wa kumbuyo akantha, mtsuko usweka, mnyamata athawira kwa Okonkwo, ndipo Okonkwo amtema ndi chikwanje. Mlembi anena chifukwa chake m'mawu ochepa kwambiri, napitirira.

Pamenepo sanaime kuti alalikire. Aphunzitsi amene amachonga zimangirizo za ana aidziwa bwino nthenda ya kulalikira: mwana asimba bwinobwino za mbala, ndipo pa mapeto aonjeza ndime yonse yofotokoza kuti kuba nkoipa, ngati kuti wowerenga ndi chitsiru. Akulu nawonso amadwala nthenda yomweyi. Achebe angoonetsa zotsatira. Okonkwo akhala masiku awiri osadya. Bwenzi lake Obierika, amene anakana kupita nawo, amdzudzula. Ndipo Nwoye, poona atate wake akulowa usiku uja, adziwa zonse popanda womuuza, ndipo china chake chiduka m'kati mwake. Pamene mnyamatayu alowa Chikhristu patapita zaka, wowerenga sadabwa, pakuti anaona tsiku limene mbewu yake inagwa m'nthaka.

Chinanso chofunika kulimba mtima ndi ichi: Achebe analemba pofuna kuonetsa kuti anthu a kwawo anali ndi malamulo, mabwalo a milandu, ulemu ndi nzeru Azungu asanafike, komabe sanabise zoipa zawo. Mapasa anali kutayidwa m'nkhalango. Panali anthu osalidwa, amene sanali kuloledwa kukwatirana ndi mfulu. Mwa amene analowa mpingo munali oterewa, ndi mayi wina amene mapasa ake anatayidwa kangapo. Mlembi wofuna kukometsa mtundu wake akadazisiya zimenezi, ndipo buku lake likadakhala lopanda mphamvu, pakuti wowerenga sakadamvetsa chifukwa chimene mudzi wolimba chotero unang'ambikira pakati. Ngakhale amishoni anawalemba awiri osiyana. Bambo Brown anali kukhala pansi ndi akulu a mudzi kukambirana za Mulungu. Wolowa m'malo mwake, James Smith, anali wouma mtima, ndipo m'masiku ake Mkhristu wina wotentha mutu, Enoch, anavula chophimba kumaso cha mmodzi wa mizimu ya makolo pamaso pa anthu onse. Munthu wa ku Dedza kapena ku Kasungu amene adziwa za Gule Wamkulu safunika kuuzidwa kukula kwa mlandu umenewo.

Miyambi nayo ili yambiri m'bukumo, koma ili pakamwa pa anthu amene ali ndi chifukwa choinenera: wokongoza pofuna ndalama zake, mkulu pokamba za ukwati. Mlembi sanaiunjike pa malo amodzi kuti aoneke wodziwa.

Mapeto ake ndi owawa. Tchalitchi chitatenthedwa, Bwana DC aitana atsogoleri 6, nawamanga mwachinyengo. Amesenjala awameta mpala ndi kuwamenya, ndipo chindapusa cha matumba 200 a ndalama za zigoba achikweza kufika 250 kuti nawo adyepo. Pa msonkhano wa mudzi Okonkwo atema mesenjala mmodzi, koma poona kuti anthu awalekerera enawo kuthawa, adziwa kuti Umuofia sadzamenya nkhondo. Adzimangirira pa mtengo, ndipo mwa mwambo wawo abale ake sangaukhudze mtembo wake. Pamenepo mlembi achita chinthu chodabwitsa. Ndime yomaliza aipereka kwa DC uja, amene ali kulemba buku lakelake, ndipo ali kuganiza kuti nkhani ya munthu wodzipha uyu ingakwane ndime imodzi. Wowerenga amene wayenda ndi Okonkwo mitu 25 amva yekha kupepuka kwa maganizo amenewo. Achebe sanaonjezepo liwu.

Komatu bukuli lili ndi pofooka pake, ndipo wofuna kuphunzira kulemba apayang'anenso. Gawo loyamba lili ndi mitu 13, ndipo liyenda pang'onopang'ono monga moyo wa pamudzi. Zaka 7 zimene Okonkwo anakhala kwa amalume ake ku Mbanta, atapha mwana mwangozi pa maliro, zapatsidwa mitu 6 yokha, ndipo kubwera kwa boma la Azungu ndi imfa yake mitu 6 inanso. Ena ati liwiro limeneli ndi ladala, kuonetsa kuti zinthu zinagwa mwadzidzidzi. Mwina nzoona. Koma Nwoye, amene mlembi anamlera mosamala chotero, angozimirira atalowa mpingo, ndipo wowerenga samvanso mtima wake pa nthawi imene aufunitsitsa.

Cholakwa chachikulu chili pa akazi. Mkazi wamkulu wa Okonkwo alibe ngakhale dzina, angotchedwa amake a Nwoye. Ndipo si kuti mlembi sanathe kulemba za akazi. Ekwefi, mkazi wachiwiri, anabala ana 10, nafa 9, natsala Ezinma yekha. Usiku umene wansembe wamkazi anabereka mwanayo kumka naye kuphanga, Ekwefi anawatsata mumdima yekhayekha, ndipo masamba amenewo ali m'gulu la okoma koposa m'buku lonse. Koma nkhaniyo ingothera m'malere. Ezinma, amene atate wake ankalakalaka akadakhala mwamuna, akula, natomeredwa, osachitanso kanthu kakakulu. Khomo linatsegulidwa, mlembi osalowa.

Kusoweka kumeneku anadzakudzaza munthu wina, ndipo Achebe yemweyo anamthandiza. Apa ndipo payambira ntchito yake yachiwiri.

M'chaka cha 1962 Alan Hill ndi Van Milne a ku Heinemann anayambitsa mndandanda wa mabuku otsika mtengo wotchedwa African Writers Series, wa zikuto za mtundu wa lalanje, kuti sukulu ndi anthu wamba a mu Africa athe kugula. Anapempha Achebe kuti akhale mlangizi wa akonzi. Anagwira ntchitoyo kufikira 1972, wosalandira malipiro, ndipo m'zaka zimenezo munatuluka mabuku 100. Mwa anayi oyamba munali Zambia Shall Be Free la Kenneth Kaunda. M'chaka cha 1966 munalowa No Easy Task la Aubrey Kachingwe wa ku Malawi.

Ntchito ya mkonzi anthu ambiri amaiyesa ya kukonza kalembedwe ka mawu ndi kuika mipumiro. Imeneyo iliko, ndipo njofunika, koma ndi yomaliza. Yoyamba ndiyo kuwerenga mapepala a munthu wosadziwika, ndi kutha kuona ngati muli moyo. M'mwezi wa Juni 1962 panali msonkhano wa alembi pa koleji ya Makerere ku Uganda. Wophunzira wina wa ku Kenya, amene nthawi imeneyo ankatchedwa James Ngugi, anafika kwa Achebe ndi zolemba zake. Achebe anali kale munthu wotchuka, ndipo akadatha kunena kuti alibe nthawi. Anaziwerenga, nazipereka kwa a Heinemann, ndipo buku la Weep Not, Child linatuluka mu 1964. Mnyamatayo ndiye Ngugi wa Thiong'o. Mayi wina wa ku Nigeria, Flora Nwapa, anamtumizira mapepala ake. Achebe anamuyankha ndi kalata yolimbikitsa, naikamo paundi imodzi ndi sheleni imodzi kuti alipire positi ya ku London. Bukulo, lotchedwa Efuru, linatuluka mu 1966, ndipo mwini nkhani wake ndi mkazi wa Chiigbo, wamalonda, amene moyo wake ndi mawu a akazi anzake zidzaza buku lonse. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mabuku a anthu awiriwa anakuza mndandanda umene buku la Achebe linali loyamba mwake.

Pali chiyeso china chimene chimagwera mlembi akakhala mkonzi. Afuna kuti buku lililonse limveke ngati analemba ndi iye, ndipo limene sagwirizana nalo alitsekera khomo. M'chaka cha 1969, Achebe akali mlangizi, mu mndandandamo munalowa buku la Ayi Kwei Armah wa ku Ghana lotchedwa The Beautyful Ones Are Not Yet Born, lodzala ndi zonyansa za ziphuphu ndi kutaya mtima. Achebe sanalikonde, ndipo pambuyo pake analidzudzula poyera m'zolemba zake, zimene zinamkwiyitsa Armah. Koma bukulo linasindikizidwa, linawerengedwa m'sukulu zambiri, ndipo mkanganowo unachitikira pabwalo, wowerenga aliyense ali ndi buku m'manja kuti aweruze yekha.

Wolemba nayenso ali ndi mbali yake pa zimenezi. Munthu amene wakhala ndi nkhani yake zaka ziwiri saionanso. Awerenga zimene zili m'mutu mwake, osaona zimene zili papepala. Nchifukwa chake afunika maso a wina, ndipo winayo asakhale mkazi wake kapena mphwake woopa kumkhumudwitsa. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Komanso wolembayo sayenera kumvera zonse. Phelps anati bukulo lapsa, Achebe anati iyayi, ndipo wolondola anali Achebe. Ngakhale buku litatuluka kale sanaleke kulikayikira: Arrow of God, la mu 1964, analikonzanso, nalitulutsa kachiwiri mu 1974.

Ntchito ya ukonzi sanaisiye ngakhale m'masiku oipa. M'chaka cha 1967 anayambitsa kampani yosindikiza mabuku ku Enugu pamodzi ndi bwenzi lake Christopher Okigbo, mlakatuli, koma Okigbo anaphedwa chaka chomwecho pa nkhondo ya Biafra. Nkhondo itatha, Achebe anayambitsa magazini ya Okike mu 1971 kuti alembi atsopano apeze potulukira. Koma nkhani zake zazitali zinaima. Kuchokera pa A Man of the People la mu 1966 panapita zaka 21 kuti Anthills of the Savannah lituluke mu 1987. Anamwalira mu 2013 ku Boston.

Patsala mlandu umodzi umene ukhudza wowerenga Chichewa. Achebe analemba nkhani zake zazitali m'Chingerezi. Anati chinenerocho chingathe kupindidwa kuti chisenze maganizo a Chiigbo, ndiponso chifikira mitundu yambiri ya mu Nigeria ndi ya kunja. Zoonadi chinafikira. Koma nkhalamba ya ku Ogidi yodziwa kuwerenga Chiigbo chokha sinathe kumva nkhani ya makolo ake. Ngugi, amene Achebe anamtsegulira khomo, anadzapatukana naye pa mfundo imeneyi. Ali m'ndende ya Kamiti mu 1978 analemba nkhani yaitali m'Chigikuyu pa mapepala a kuchimbudzi, ndipo inatuluka mu 1980.

Kuno mlanduwu unayankhidwa kale mwa njira ina. Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, anatulutsa Nthondo m'Chinyanja mu 1933, zaka 25 buku la Achebe lisanaoneke, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934 ndi dzina lakuti Man of Africa. Ntara nayenso anatsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira imfa. Nthondo apulupudza pa unyamata, akhala mfumu, natembenuka mtima, ndipo buku lake liima poyera kumbali ya mishoni, pamene la Achebe lisiya mbali zonse ziwiri zilankhule. Pa luso la kuyala nkhani Achebe apambana. Koma Nthondo anthu a ku Nkhoma analiwerenga m'chinenero chomwe amalonjerana nacho m'mawa, ndipo anali Azungu amene anadikira womasulira.